Anatepi, Telala Amene Sanabise Zipsera

Malemu anabadwa pa 14 Ogasiti 1957, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anailekezera ku pulayimale chifukwa makolo anati fizi ipite kwa anyamata. Mu 1975 anaphunzira utelala, ndipo kuyambira pamenepo tepi yoyezera sinachoke m'khosi mwawo. N'chifukwa chake ambiri mumawadziwa kuti Anatepi. Dzina lawo lenileni tinkangolimva kuchipatala.

Mu 1979 anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito pafakitale, nabereka ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Poyamba linali banja lamtendere. Ntchito ya bamboyo itatha mu 1986, makina osokera ndiwo ankadyetsa nyumba, ndipo zimenezi zinawawawa bambowo. Unalowa mowa, inalowa nsanje, kenako nkhonya. Khutu lakumanzere la malemu linafa nthawi imeneyo. Akathawira kwa achibale ankangobwezedwa, akuti banja ndi kupirira. Zotere sizinenedwa pamaliro, koma eni ake anatilamula ali pabedi kuti tisabise.

Mu 1990 anachoka, makina pamutu, ana pambuyo, nakatsegula kashopu kuseri kwa depoti ya basi. Kumeneko anazindikira chinthu: mayi akabwera nyengo yotentha n'kufuna diresi la manja aatali ndi kolala yofika m'khosi, pali chimene akubisa. Malemu ankatseka katani, n'kumamuyeza pang'onopang'ono, khutu lamoyolo atalozetsa kwa iye. Ambiri anaulula pamenepo kuti akumenyedwa kunyumba. Kuseri kwa kataniko kunali matiresi, ndipo amene anagonapo akudzidziwa okha. Ankawaperekeza kuchipatala, kupolisi ndi kwa alangizi. Abambonso sankawasiya: wobwera kudzasoketsa zipi ankabwerera ndi malangizo aulere, afune asafune.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 2017. Amene anabwera kudzafuna manja aatali anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Malemu anamuyeza monga ankayezera onse, ndipo anaona zimene anaona. Tsiku lomwelo anamugwira dzanja mpaka kupolisi, kukanenera mwana wobereka okha. Mpongoziyo sanabwererenso kwa mwamuna wakeyo. Anthu anayankhula zambiri, ati mayi wanji wouma mtima chotere. Sanali wouma mtima. Ife amene tinkakhala nawo tikudziwa mmene ankalirira, pakuti mwanayo anatha zaka osaponda pakhomo pawo, ngakhale moni wapafoni. Chimene ankaopa si imfa, koma kupita asanamvane naye.

Anayamba kudwala impso mu 2023. Mwezi watha, ali m'chipatala, mwana uja anabwera. Anali atasiya mowa, akupitanso kwa alangizi. Anagwada pambali pa bedi napepesa. Malemu anamusisita mutu nthawi yaitali, kenako anati: “Ine ndinakukhululukira kalekale, mwana wanga. Koma amene unam'menya si ine.”

Anatisiya pa 3 Febuluwale 2025, ana awo onse ali pomwepo.

Malemu asiya alongo awo awiri, zidzukulu zisanu ndi ana atatu. Simunamve molakwa: awiri obereka, wachitatu ndi mpongozi uja, amene anatiuza kuti tizimuwerengera pa ana. Shopu yatsala m'manja mwake.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, atelala anzawo, oyandikana nawo nyumba, ndi amayi nonse amene munkasinthana kudikirira matenda popanda wokuitanani.

Pomaliza, tipereke mawu amene anatisiyira ife achibale. Mwana wawo anapitadi kukapepesa kwa mkazi wake, ndipo yankho sanalilandirebe. Malemu anati pasapezeke munthu, wamkulu kapena wamng'ono, wogwiritsa ntchito maliro ano kukakamiza mpongoziyo kubwerera kubanja. Abwerere kapena asabwerere, mwini wake ndiye adzanene.

Mayi athu, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.