Padi Yomwe Anandifufutira Pampikisano

Ine, amene anthu amangonditchula kuti Zalazitatu, wa zaka 34, wokhala kuseri kwa msika, kale kalipentala koma pano wogulitsa zikwama za mafoni, ndikunena motere pano papolisi:

Zaka zinayi zapitazo makina ochekera matabwa anandidula chala chachikulu ndi chamkombaphala kudzanja lamanja. Koma gemu ya mpira yosewera pa TV sindinaisiye. Ndinagula padi, chija timagwira posewera gemu, yokhala ndi timabatani tiwiri kunsi kwake. Kwa miyezi isanu ndinkasintha ntchito za mabatani. Kupatsira mpira ndinakusamutsira kunsi. Kuthamanga ndi kuwombera ndinaziika pa batani limodzi lomwe chala changa chapakati chimafikira. Sindinalembe paliponse, zonse zinali m'padimo.

Loweruka lapitali ndinali pampikisano mu holo ya pamwamba pa sitolo ya njinga. M'mawa polembetsa, mkulu wokonza mpikisanowo anaiona yekha padiyo, sanaikane. Ndinapambana magemu anayi n'kufika mu fainolo. Wokumana naye anali mphwake wa mkuluyo. Paja chibale n'fupa.

Cha m'ma 2 koloko masana, tisanayambe, mkuluyo anabwera n'kunditsomphola padi m'manja. Anati, "Akulu, batani limodzi ntchito ziwiri? Uku n'kubera." Ndinamuonetsa dzanja. Anayang'ana kumbali.

Anasolola pini pa baji yake n'kubaya kabowo ka kumbuyo kwa padi kwa masekondi pafupifupi khumi. Kagetsi ka padiyo kanaphethira katatu. Zonse zomwe ndinaikamo zinafufutika. Nditaimirira kuti ndilande, anandikankha pachifuwa, ndinagwera pa benchi yomwe inali mamita awiri kumbuyo kwanga. Nthiti zikupwetekabe, kalata ya kuchipatala ndapereka.

Anandiponyera padi pamiyendo n'kunena kuti, "Ndakukonzerani. Sewerani ngati anzanu." Ena anaseka, ena anajambula pafoni. Palibe anandidzutsa.

Ndinasewerabe. Chala chopatsira mpira ndilibe, ndiye ndinagonja 7 kwa 0. Chikho anachipereka kwa mphwakeyo, ine ndili pompo.

Bwana, mwandifunsa ngati padiyo yawonongeka. Mwaiyesa nokha, mwati ikugwira bwinobwino. Zoona, ikugwira kwa munthu wa zala khumi.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi.

Wodandaula: Zalazitatu
Ndasaina ndi dzanja lamanzere.