Dzanja Lamanzere pa Mpando

— Halo? Achemwali a Shahira?

— Eya, ndani mnzanga?

— Ndine Ghada, mwana wa Madamu Inji, ku Alexandria kuno.

— Ghada! Mwana iwe, kusowa kumeneku! Muli bwanji kumeneko?

— Tilipo, kaya inu ku Cairo? Ana? Alamu?

— Onse ali bwino, Mulungu ngwamkulu. Nanga aphunzitsi anga, akadakalipirabe anthu?

— Mmm... Halo? Mukundimva?

— Netiweki ya m'nyumba muno njovuta, dikira ndituluke pakhonde. Eya, lankhula.

— Amayi anadwala sitiroko mwezi watha. Sakulankhula.

— Mayo ine! Ndiye ukundiuza lero?

— Pepani. Adokotala akuti akapanda kuyamba kupinda miyendo sabata ino, iuma, sadzayendanso. Ndawanyengerera mpaka kulira. Tikawaimiritsa amangoti njo, maso kukhoma.

— Umawauza kuti chiyani?

— Ndimati, "Amayi, pindani mawondo."

— M'Chiarabu? Zaka makumi anayi akuphunzitsa gule wa bale, wovina monyang'ama uja, unawamvapo akutero? Ankati guleyu anakulira kunyumba ya mfumu ya ku France, ndiye mwendo wa wovina umamva Chifalansa basi, kaya ku Moscow kaya kwathu kuno.

— N'chifukwa chake ndakuimbirani. Ine mawuwo sindiwadziwa, ndinathawa kalasi ndili mwana.

— Ndikukumbuka, unkabisala kunsi kwa piyano! Ika foni pa sipika, uwaimiritse agwire mpando.

— Dikirani... Eya, agwira.

— Madamu, ndine Shahira, munkanditi wa mapazi a bakha uja. Tiyambe. Plié! ... Ghada, apinda mawondo?

— Ayi. Achotsa dzanja pampando. Akundiyang'ana ndi diso loipa, achemwali, akwiya.

— Unawagwiritsa ndi dzanja liti?

— Lamanja.

— Aaa, iwenso! Kalasi imayamba dzanja lamanzere lili pachogwirira! Atembenuze msanga.

— Ndawatembenuza... Agwira okha!

— Madamu, plié. Wani, thuu, pansi. Tendu, phazi kutsogolo.

— Achemwali! Mawondo apinda! Phazi likusuntha!

— Usalire iwe, agwire m'chiuno angagwe.

— Nanga inu simukulira? Dikirani, akugogoda mpando ndi chala. Go, go, go. Akufuna chiyani?

— Akuti ndikuthamangitsa kuwerenga. Ndi imvi zangazi, akadandikonzabe! Pepani Madamu, tiyambirenso.

— Achemwali, mayunitsi akundithera...

— Dula, ndiimba ine pompano. Koma usawakhazike pansi, wamva? Kalasi sinathe.