Tsiku Limene Ndinaiwala Apongozi pa Renki

Zaka zija ufulu utangobwera kumene, anthu ena akadatchula Kadoma kuti Gatooma, ine ndinkagwira ntchito pa mgodi ku Battlefields, ndipo mowa ndinkaumwa, adzukulu anga, musandione ndi kapu ya tiyi lero. Tikatuluka pansi fumbi lili kukhosi tinkalunjika kumowa m'komponi, chikho chimodzi chachikulu chikuzungulira amuna asanu, ndipo tinkati tikutsuka chifuwa. Inu a lero mumabisala kuseri kwa matakishopu ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa ndi mankhwala ozunguza bongo aja mumati mutoriro, koma ife tinkadziwononga poyera, anzathu akutichemerera.

Agogo anu Nabanda atabereka mayi ako, iwe Tendai, kunabwera kalata yoti apongozi anga anyamuka ku Dedza kudzaona khanda. Ulendo wa masiku atatu, mayi wachikulire wosadziwa Chishona ngakhale liwu limodzi. Loweruka m'mawa Nabanda anandisitira malaya nati, "Bambo a mwana, basi ifika teni isanakwane. Chonde mukalunjike ku renki."

Ndinalawiriradi, koma m'tauni ndinakumana ndi Bauleni, mnzanga wa pa shifiti. "Achimwene, mwana wabadwa, osamumwerera? Chimodzi chokha." Chimodzicho chinaitana chinzake, ndipo pamene ndinkakumbukira chimene ndinabwerera, dzuwa linali litapendeka.

Apongozi ndinawapeza atakhala pa mtolo wawo m'mbali mwa khoma, milomo itauma gwa, mayi wina wogulitsa tomato atawapatsako madzi. Ndinayembekeza mawu owawa. Koma iwo anatsika pa mtolopo, nagwada pafumbi, naomba m'manja nkhope atayang'ana kumbali, monga achitira apongozi kwathu. "Mwatipeza, bambo. Pepani takuvutitsani, mwasiya ntchito zanu chifukwa cha ife."

Fungo analimva, musakayike. Mtolo uja, wa ufa ndi mtedza, ndinayesa kuunyamula koma unandigwetsa, ndipo anausenza okha, ine ndikudzandira m'mbuyo mwawo anthu akuona. Titafika kunyumba Nabanda anafunsa chimene chinatichedwetsa, ndipo mayi aja anayankha msanga kuti, "Basi inafa panjira, mwananga." Ananama ponditchinjiriza ine, munthu wopemphera ngati uja. Zinandipweteka kuposa mbama.

Musaganize kuti ndinasiya tsiku lomwelo, ayi. Mowa unkandiitanabe, ndipo ndinagwamonso kawiri. Koma apongozi anakhala nafe miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse ndikaweruka ndinkapeza atandiikira thobwa pakhonde, mpaka miyendo yanga inazolowera njira ya kunyumba. Bauleni sanasiye. Tinakamuika ku Chegutu mwana wake woyamba asanamalize sukulu, ndipo mpaka lero ndimamusowa, poti anali munthu wansangala.

Ine ndi uyu, mano atha koma mtima uli m'malo. Ndinakalamba limodzi ndi Nabanda, ndili ndi kadimba kanga kuno ku Waverley, ndipo ndakuonani nonsenu mukukwawa mpaka kumera ndevu.

Tendai, usayang'ane pansi. Maso ako ndawaona kufiira masiku ano, ndipo chakudya ukungochitosatosa. Sindikukukalipira, mdzukulu wanga, poti inenso sanandikalipire. Chinthu chimenechi munthu sachisiya ali yekha. Ubwere mawa m'mawa tikathirire mpiru, ndipo zimene zikukuvuta ukandiuze ngakhale m'Chishona, ndimva.