Botolo la mkaka wa ngamila limene ndinasunga

Moni nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya, abale ndi alongo! Ine ndine mayi a Takondwa, a ku Bradford konkuno.

Takondwa wanga anafika zaka zinayi osalankhula. Chichewa ayi, Chizungu ayi, zii. Mtima wa mayi mukuudziwa. Ndiye kunabwera bambo wina, Mmalawi mnzathu, wa suti yake bwinobwino. Akuti, "Mayi, mankhwala ake ndi mkaka wa ngamila. Koma musawiritse, mukawiritsa mwapha mphamvu."

Ine! Ine amene kwathu ku Dedza sindinamwepo mkaka wosawiritsa! Ndinamvera. Mabotolo ankatuluka m'buti ya galimoto, ofunda, osalembedwa kanthu.

Mwana anayamba kutsegula m'mimba. Kenako magazi. Ndinaimba foni, iwo akuti, "Ndi zoipa zikutuluka, pitirizani." Pitirizani! Mkodzo unasiya. Kuchipatala adokotala anati tizilombo ta mumkaka wosawiritsa tawononga impso. Mwana wanga pa makina otsuka magazi, mapaipi thupi lonse. Atandifunsa kumene ndinautenga, ndinangoti duu, chifukwa bamboyo anali atandiopseza kuti, "Mukanditchula, mapepala anu sanatuluke, akubwezani kumudzi."

Abale, sindinama pamaso pa Mulungu. Ndinafuna kubwezera. Botolo limodzi linatsala, ndinalisunga. Ndinati ameneyu adzamwa yekha, lonse, ine ndikuyang'ana, naye adziwe kuti m'mimba mumapweteka. Ndinaliika m'chikwama, ndinakwera basi.

Nditafika pakhomo pa bambo uja, ndinakumana ndi mtsikana akutuluka, mwana kumanja, jumbo ya mabotolo a mkaka womwewo kumanzere. Mayo ine! Ndinamulanda jumboyo. "Mwana wanga, bwera ukaone wanga kuchipatala!" Ndinakuwa mpaka Azungu anatsegula mawindo. Mantha a mapepala anathera pomwepo. Botolo lija ndinakalipereka kwa a zaumoyo a kukhonsolo, ndipo dzina ndinalitchula, lonse, ndi nambala ya galimoto yomwe. Analiyeza. Tizilombo tomwe tija.

Lero Takondwa ali kunyumba. Makina anachoka, amamwa mankhwala. Sanayambe kulankhula, koma amaseka, abale, amaseka! Mapepala anga anatuluka. Ambuye alemekezeke!

Abusa akuti ndikhululuke. Ndamva, abusa, muzindipempherera, sindinafikepo. Tsiku limene bambo uja anatuluka m'khoti mutu uli pansi, geni yake itatsekedwa, ine ndinaimba nyimbo m'basi mpaka kunyumba. Ameni.