Mzere 4,012

Pa siteji ya basi, mtsikana wina ankadandaula atatsegula laputopu pamiyendo. Bambo wa imvi amene anakhala naye pa benchi anasuzumira.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

"Kompaila, yomwe imamasulira pulogalamu yanga kuti kompyuta iimve, ikuti ndalakwitsa pa mzere 4,012, bambo, chonsecho ndinalemba mizere 300 yokha. Ndikapanda kukonza lero, ntchito indithera."

"Pulogalamu yakoyo imayamba yadutsa m'chida cha kampani ina?"

"Eya, chimaitambasula kaye, mizere n'kuchuluka."

"Ndiye chimasiyamo zizindikiro zouza kompaila komwe mzere uliwonse wachokera. Zili kuti?"

"Kompaila inkazikana, ndiye ndinangozifufuta zonse."

"Iwe! Wazula wekha zikwangwani, n'kumadabwa kuti wasochera? Chiuze chidacho chizizilemba mmene kompaila yako imamvera."

"Bambo, basi yafika."

"Ipite. Zibwezere tione."