Yohane Anachedwa M'depoti ya Minibasi

Kale, ine ndisanayambe kupalasa bwato ndekha, ku Joni kunali kutali, ana inu, osati masewera. Tasiyani kaye kusoka ukondewo mundimve. Bambo anga ankapita kumeneko pansi, miyezi ndithu ali m'njira, ndipo akangomva kwa munthu wochokera kuno ku Nkope kuti mayi awo agona pa mphasa, ankamanga katundu tsiku lomwelo, poti kutalika kwa njira ankakuopa.

Koma lero dziko mwalifupikitsa ndi ndege zanuzi, ndipo ine zandipweteka.

Mwana wanga Yohane, bambo ake a Chisomo ali apayu, amagwira ntchito ku Joni. Mayi ake a Yohane, mkazi wanga, atayamba kutupa miyendo ndinamuimbira foni mwanayo. "Bambo, musade nkhawa," anatero. "Pa ndege, kuchoka kuno kufika ku Lilongwe ndi maola awiri ndi kanthu basi. Zikavuta ndifika tsiku lomwelo."

Mwera unabwera n'kupita, mvula inagwa, iye mawu ake omwewo. Mayi akewo akamva galimoto kumsewu ankadzutsa mutu, "Kodi si Yohane ameneyo?" Ine n'kumati ayi, ndi ogula usipa. Zinkandiwawa, ana inu, moti nthawi zina ndinkangotuluka kukakhala kuseri kwa nyumba.

Tsiku limene anasiya kumwa ngakhale phala ndinamukalipira mwanayo, ndipo m'mawa mwake anakweradi ndege. Sananame ayi, dzuwa lisanafike pamutu anali atatera ku Lilongwe. Koma kodi ndege imatera ku Nkope? Ha! Analowa m'depoti, n'kukwera minibasi yobwera ku Mangochi kuno, ndipo inu mukudziwa, minibasi sinyamuka isanadzaze. Anakhala mmenemo thukuta kamukamu, kondakitala akungoti "Watsala mmodzi, watsala mmodzi!" Yohane anachonderera kuti mayi ake akudwala kwambiri, koma anamuyankha kuti, "Achimwene, aliyense muno ali ndi mavuto ake."

Mayi ake anatsirizika iye akadali m'depoti momwemo. Munthu wadumpha mayiko m'mawa umodzi, n'kukanika pakhomo pake penipeni.

Anafika ali ndi chikwama paphewa, ndipo maliro anawamvera kumsewu. Sanalowe m'nyumba msanga. Anandigwira mkono, "Bambo, kodi anandifunsa?" Ndikanamunamiza bwanji? Ndinati, "Anakufunsa mpaka mawu anawathera." Anakhala pansi pamchenga, bambo wamkulu ndevu pepeya, kulira ngati kamwana, ndipo ine ndinalibe chomutonthoza nacho. Mpaka lero ndilibe.

Tsono iwe Chisomo, ndamva kuti nawenso ukusaka pasipoti. Sindikuletsa, nyanjayi nsomba zatha, ukhalira chiyani kuno? Pita. Koma usamawerengere maola a ndege, mdzukulu wanga. Uzibwera mayi ako akadali ndi mphamvu zokukalipira kuti wachedwa.