Loweruka la Otchola Tiyi

Olemekezeka Abusa a Raphael Kessler ndi Mayi Betty Kessler, amene lero tikutsazikana nanu. Olemekezeka Abusa a Josiah Nakhuwa, amene mukulandira ntchito ino m'malo mwa mipingo itatu ya pansi pa Mishoni ya Nthundu. Olemekezeka Mayi Josephine Mhango, manijala wa esiteti imene yatizinga mbali zonse. Mafumu athu ochokera kwa Khwethemule, kwa Nchilamwela ndi kwa Changata. Akulu a mpingo, amayi a Dorika, aphunzitsi a pasukulu pano, anamwino a kuchipatala kwathu, inu a kwaya amene mwaima kuyambira m'mawa, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanga nonse.

Amene simundidziwa, ndine Hopeson Namputo, mkulu wa makapitawo pa esiteti. Amene mumandidziwa mukudziwanso kuti sindine wa mpingo uno. Ine ndimapemphera Lamulungu, ndipo tiyi amene inu mumangotchola osamulawa, ine ndimamumwa m'mawa ndi madzulo. Mlendo wolemekezeka amayenera kufika mochedwa, pa galimoto yaikulu, wina akumunyamulira mapepala. Ine ndafika nthawi yake, pa njinga yamoto ya kampani, ndipo mnyamata wa pageti anandilozera kokakhala anthu odzakonza magetsi. Komabe mwandiitana, ndipo chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Abusa ndi Mayi Kessler anafika kuno tsitsi lili lakuda, akubwerera kwawo lili mbuu, ndipo pakati pa tsitsi lakuda ndi loyeralo pali sukulu imene yaphunzitsa ana athu, pali chipatala chimene chatichotsera ulendo wonyamula odwala pa machira, pali matchalitchi atatu amene poyamba anali mithunzi ya mitengo. Theka la kwaya iyi linabadwira m'manja mwa Mayi Betty, moti mawu okoma amene mwamva lerowa iwo anayamba kuwamva asanakome. Chilomwe chawo sichinawongoke mpaka lero, koma palibe mayi woyembekezera amene analephera kumva chimene ankanena. Abusa, Mayi, zikomo.

Koma nyumba sizivuta kupereka. Makiyi amalowa m'thumba, ndipo denga likadontha a Josiah adziwa kumene kuli malata. Panali chinthu china chimene amishonalewa ananyamula zaka zonsezi, chopanda khomo, chopanda kiyi, ndipo ndi chimene chinasowetsa mtendere mabanja ambiri amene akhala pano atamva kuti Abusa akupita.

Inu alendo ochokera kutali, tiyi ali ndi khalidwe lake. Mvula ikagwa sadikira munthu. Tsamba lofunika kutchola Loweruka, pofika Lolemba lakhwima, ndipo fakitale ililandira monyinyirika. Nchifukwa chake kampani imatchola mpaka Loweruka. Koma anthu a mpingo uno Loweruka ndi Sabata lawo, sagwira dengu. Nanga zinkatheka bwanji kuti munthu asunge Sabata, asungenso ntchito?

Ndinaziona ndi maso anga ndili kapitawo wachinyamata. Tsiku lina mvula yoyamba ili pafupi, anandituma kunyumba kwa manijala wa nthawi imeneyo, mzungu wosachedwa kupsa mtima. Ndinapeza Abusa a Kessler atakhala pakhonde, atavala jekete. Khukhi anabweretsa tiyi, tiyi weniweni wopita kunja, amene ife sitimuona. Abusa anati, "Zikomo, sindimwa." Anayamba kukamba za mvula. Anakamba za msewu. Anafunsa za galu wa bwana. Bwana ankayang'ana wotchi, Abusa ankayang'ana phiri. Tiyi anazizira, anabweretsa wina, nayenso anazizira. Mapeto ake bwana anagwira mutu, nanena kuti anthu a Sabata asalembedwe kuti ajomba Loweruka, bola Abusa anyamuke. Kuyambira pamenepo ku malayini, kumene antchito timakhala, tinkawatchula kuti a Sindimwa. Abusa, ngati simunkadziwa, mwadziwa lero, ndipo ndege yanu simungaibweze chifukwa cha zimenezo.

Chaka chilichonse zinkatero. Mamanijala ankasintha, jekete linali lomwelo. Pangano lonse linakhala pa mpando umodzi wa pakhonde, ndipo mpandowo unkafuna munthu mmodzi.

Chaka chatha nkhani ziwiri zinafika pamodzi: yoti amishonale akubwerera kwawo, ndi yoti kwabwera manijala watsopano, Mayi Mhango awa, ochokera ku Rumphi. Atayendera minda anandifunsa chifukwa chimene mbali ya kumishoni kumachepera anthu Loweruka. Ndinawafotokozera. Anafunsa kuti lamulo limeneli lili pati, ndinati lili pakhonde pawo pomwepo. Sanaseke. Anati kampani siingayendere chizolowezi cha anthu awiri amene mmodzi anapita kale ndipo wina akumanga katundu. Wojomba Loweruka nthawi ya mvula sadzalembedwanso ntchito. Musawayang'ane choncho, amayi. Iwo analembedwa kuti adzasamale tiyi, ndipo ankasamala tiyi.

Ndiye munthu wa Sabata anatsala ndi njira ziwiri: asiye tsiku la Mulungu wake, kapena asiye ntchito imene imadyetsa ana ake.

A Ephraim Nakoma, mkulu woyamba wa mpingo uno, anathamangira kwa Abusa kukawapempha kuti avale jekete komaliza. Abusa anawayankha kuti, "Ndikapita chaka chino, chaka chamawa mudzatuma ndani?" Anakana. Choncho a Ephraim anatenga Mayi Salome Muheya, mtsogoleri wa amayi a Dorika, amene atchola tiyi kuyambira ali mtsikana, napita okha pakhonde paja. Anachita zonse monga anamvera. Tiyi anabwera, anakana. Anakamba za mvula. Anakamba za msewu. Galu panalibe, ndiye anafunsa za nkhuku. Koma anaiwala chinthu chimodzi. Njira ya Abusa inkagwira chifukwa mzungu amasowa mtendere mlendo akakhalitsa. Mmalawi saopa mlendo wokhalitsa, tinakula nawo. Mayi Mhango anatulutsa ntchito yawo pakhonde pomwepo, anaitanitsa thobwa, anawafunsa za ana ndi adzukulu, ndipo dzuwa litapendeka amene anayamba kuyang'ana wotchi anali a Ephraim. Powaperekeza, Mayi Mhango anangofunsa funso limodzi: mizere yanu ya Loweruka, zaka zonsezi, amatchola ndani? A Ephraim ndi Mayi Salome anabwerera kumishoni chimanjamanja.

Abusa atamva kuti anthu awo abwezedwa, anasintha maganizo. Anatenga jekete, nayamba kufunafuna kiyi wa galimoto. Sanamupeze tsiku limenelo, sanamupeze mawa lake. Mayi Betty andiuza okha kuti pa ntchito zonse za umishonale zimene agwira m'dziko muno, yovuta kwambiri inali kuthandiza amuna awo kufunafuna kiyi amene Mayiwo anali atamubisa okha m'chitini cha nandolo.

Funso la manijala lija silinawachoke m'mutu Mayi Salome. Masana ena ndinangoona atulukira kwathu. Sanabwerere ine kapitawo. Anafunsa akazi anga, a Teleza, amene anatchola nawo m'gulu limodzi zaka zambiri, ndipo kutchalitchi kwathu amatsogolera amayi. Amene mumawadziwa a Teleza mukudziwa kuti mawu sawathira shuga. Anawayalira mphasa, anawalonjera bwinobwino, kenako anati:

"Lero ana a mzungu mwatikumbuka? Loweruka inu mukuimba, ife tikutchola mizere yanu pamwamba pa yathu. Lamulungu tikati tivale za kutchalitchi, thirakitala yaima pakhomo kutitengera ku fakitale kukakonza tiyi wa dzulo. Inu tsiku lanu munalipeza, ife lathu linapita. Munabwerapo kudzati zikomo?"

Ine ndinayamba kukonza njinga imene sinawonongeke. Kenako Mayi Salome anati, "Sitinabwere, achemwali. Tinkayesa Loweruka limachokera kwa Abusa. Tabwera lero. Lamulungu lanulo tipatseni, tilisenze ndife."

Zotsala anazikamba m'Chilomwe, ndipo zina mwa izo sizoyenera pa chimkuzamawu.

Zimene zinatsatira sizinali zophweka ngati mmene ndikufotokozeramu. Anthu ankakumana pa shedi ya sikelo, poyezera tsamba paja, akaweruka, a Sabata uku, a Lamulungu uku, poyamba osayang'anana. Panatuluka zakale zambiri. Wina anakumbutsa za dengu limene linasowa mwana wake asanabadwe, ndipo mwanayo tsopano ali ndi ndevu. Abale athu achisilamu anafunsa za Lachisanu masana, ndipo funso limenelo linali loona, likukambidwabe. Koma pang'ono ndi pang'ono anagwirizana. A Lamulungu azitchola mizere yonse Loweruka, osanyinyirika. A Sabata azitenga ntchito zonse za Lamulungu: kuyanika tsamba ku fakitale, kuponya nkhuni mu boyila, kuthirira nazale, ulonda wa masana.

Atabwerera pakhonde paja, mipando inachepa. A Ephraim anali pomwepo, Mayi Salome anali pomwepo, ndipo pambali pawo panali a Teleza ndi akuluakulu a matchalitchi ena. Sanakambe za mvula. Mayi Mhango anamvetsera mpaka kumapeto, nanena kuti awayesa nyengo imodzi ya mvula. Tsamba likakhwima Loweruka, kapena moto wa boyila ukazima Lamulungu, pangano latha, ndipo mawu awo oyamba aja abwerera.

Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana, ndiye ndinayang'ana. Ndinaona a Ephraim, munthu amene timamudziwa ndi malaya oyera, akutuluka ku boyila Lamulungu loyamba ali bii, akazi awo osawazindikira. Ndinaona Lamulungu lina ukwati wa kwa Changata utatenga theka la anthu a ntchito, Mayi Salome akukwera kabaza kukawachotsa pa mzere wa mpunga, ena nyama ili m'manja. Ndinaona Loweruka la mvula yosalekeza amayi a kutchalitchi kwathu akutsiriza mizere ya anzawo, madzi akutsika m'zigongono, nyimbo za Sabata zikumveka kuchokera paphiri pano, ndipo mmodzi akuti aimbe mokweza, popeza akuimbira tonse. Ndinaonanso kutchalitchi kwathu mabenchi atadzaza nthawi ya mvula, chinthu chimene abusa athu anali asanachione, moti Lamulungu loyamba analalikira motalika mpaka tinayamba kukumbukira fakitale.

Abusa a Kessler zonsezi anazimva zitachitika kale. Tinakumana pa mlatho wa kumunsiku, anaimitsa galimoto, kiyi anali atapezeka. Anandiuza kuti, "A Namputo, zaka zonse ndinkapita kwa bwana. Sindinaganizepo zopita kwa a Teleza." Ndinawayankha kuti asadandaule, ngakhale ine ndimapitako mosamala.

Abusa, mawu amenewo sakuchepetsani. Inu munagwira khomo limene mukanatha kugwira, munaligwira mokhulupirika, ndipo mabanja ambiri anadya chifukwa cha makani anu oyera. Khomo linalo linkafuna munthu amene ananyowa ndi mvula imodzi ndi a Teleza, amene akanalandira mawu owawa aja n'kukhalabe pamphasa. Munthu ameneyo munamuphunzitsa ndinu, ndipo pa nthawi yake munadziwa kukhala pansi, ngakhale kuti pokhala pansipo anakuthandizani Mayi Betty.

Tsopano mvula inatha, tiyi tikumudulira, ndipo kuchokera pamene nyengo inatsekedwa Mayi Mhango sananene kanthu. Ndikudziwa kuti ena mwavina lero mwendo umodzi uli m'maganizo. A Ephraim ndawaona, mbale yawo yabwerera yodzaza. M'mawa uno, ndikuimika njinga, Mayi Mhango anandiitana pambali, nati popeza chimkuzamawu chili ndi ine, ndinene ndine. Mayi, ndikalakwitsa mundidzudzule pomwepo.

Akuti tsamba silinakhwime. Akuti moto sunazime. Akuti pangano lija likhala, chaka chino ndi zaka zikubwerazi. Palibe wa Sabata amene adzachotsedwe ntchito chifukwa cha Loweruka, palibe wa Lamulungu amene adzakwezedwe thirakitala belu la tchalitchi likulira. Ndipo eni ake a panganoli si Abusa, si manijala, koma anthu amene analipangana pa shedi ya sikelo.

Mwawaona Mayi Mhango agwedeza mutu kuvomereza. A Ephraim, khalani pansi kaye, sindinamalize. Wina awabwezere mbale yawo ija.

Abusa ndi Mayi Kessler, pitani bwino. Mukafika kwanu kozizirako, akakufunsani kuti nkhosa mwazisiya ndi ndani, mukanene kuti mwazisiya zikukambirana ndi anansi awo. Abusa a Josiah, inu akulu a mipingo itatu, Mayi Salome, bwerani kutsogolo kuno, mutambasule manja.

Pamaso pa mafumu athu, pamaso pa kampani, pamaso pa a Sabata ndi a Lamulungu amene lero akhala benchi limodzi, ndikulengeza kuti kuyambira ola lino tchalitchi, sukulu ndi chipatala cha Mishoni ya Nthundu zili m'manja mwa mipingo ya kuno kwathu. Amayi, nthungululu zimene mwakhala mukuzimeza zija, zitulutseni.

Zikomo kwambiri.